Mwana Wamkazi ku Sukulu ya Masisitere

 Lero tikambirane za mwana wamkazi, makamaka za funso limene lifika m'nyumba zambiri pamene zotsatira za mayeso a pulaimale zaturuka. Mwana wapambana bwino, ndipo dzina lace laoneka pa sukulu ya atsikana okha-okha imene ayang'anira Masisitere a Mpingo wa Katolika. Sukuluyo iri kutali, ifuna ndalama za cigono ndi cakudya, ifuna bulangete, sutukesi ndi yunifomu. Pafupi ndi nyumba palinso sukulu ina ya anyamata ndi atsikana pamodzi, yoti mwana apite m'mawa nabwerera madzulo. Tsono atate akhala pa mpando atabwera ku nchito, awerenga malipiro ao, ndipo afunsa amai kuti, "Kodi ku Masisitere kuli ciani cimene kuno kulibe?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo liyenera kuyankhidwa moona, osati mongotama ai.

Poyamba tikumbukire kumene tacokera, pakuti acinyamata a lero saziwa kuti mtsikana analowa m'kalasi mocedwa cotani m'dziko lino. Sukulu ya sekondale yoyamba ya anyamata a Ciafirika, imene tiidziwa ndi dzina la Munali, inayamba m'caka ca 1939. Atsikana anadikira kufikira 1946, pamene a mpingo wa Methodist anatsegula kalasi ya sekondale pa Chipembi. Kale ndithu, mu 1915, Mabel Shaw wa London Missionary Society anali atayamba sukulu yogonera ya atsikana pa Mbereshi, ku Luapula, koma imeneyo inali ya makalasi a pansi. Pamene dziko linalandira ufulu mu 1964, anthu a dziko lino amene anali ndi digiri ya yunivesite anali ngati 100 cabe, ndipo amene anatsiriza sekondale anali ngati 1,000 kapena kupitirira pang'ono. Mwa iwo akazi anali owerengeka ndithu. Makolo ambiri a nthawi imeneyo anali kunena kuti sukulu iononga mtsikana, ndi kuti nzeru zace ziri pa mtondo ndi pa mafuwa.

Masisitere anafika m'dziko lino kale. Amene tiwacha White Sisters anafika pa Chilubula, ku Kasama, mu 1902. A Sisters of Charity, gulu limene Mary Aikenhead anayambitsa ku Dublin mu 1815, anafika pa Chikuni mu 1948. Poyamba nchito yao inali ya cipatala, ya ana amasiye ndi ya kuphunzitsa atsikana kuwerenga, kusoka ndi kusamala nyumba. Koma m'zaka zoyandikana ndi ufulu anaona kuti dziko latsopano lidzasowa aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki acikazi, ndipo anayamba kutsegula makalasi a sekondale. Ndimo munacokera maina amene muwamva kawiri-kawiri: Roma Girls mu Lusaka ndi St Joseph's ya pa Chivuna ca ku Mazabuka, Fatima Girls ya Masisitere a Dominican pafupi ndi Ndola, Ibenga Girls kupitirira Luanshya, St Monica's ku Chipata, Lwitikila ku Mpika, Holy Cross ku Mongu, St Mary's ku Livingstone, ndi zina. Zambiri mwa izo ziyenda mwa cipangano ca pakati pa Boma ndi Mpingo. Boma lilipira aphunzitsi, ndipo ana aphunzira maphunziro omwewo ndi kulemba mayeso omwewo monga ana a sukulu zonse za Boma. Mpingo ndiwo mwini wace wa malo, ndiwo uyang'anira mwambo ndi kayendetsedwe ka tsiku ndi tsiku.

Tsono phindu lace ndi lotani? Ine ndiyamba ndi cinthu cimene anthu sacichula kawiri-kawiri, cifukwa cioneka cacing'ono. Cinthuco ndi nthawi.

Taganizani za tsiku la mtsikana wa zaka 14 m'nyumba ya m'komboni. Auka kusanace, asesa pabwalo, akatunga madzi ku mpope kumene mzere wayamba kale, akoleza mbaula, atenthetsa madzi osamba a atate amene alowa nchito ya m'mawa, asambika kamlongo kace, atsuka mbale za dzulo. Pamene afika ku sukulu wagwira kale nchito ya maola awiri. Pobwerako apeza amai ali ku msika, cotero ndiwo aziona yekha, nsima aphika yekha, ndipo mwina akathandizanso kugulitsa tomato ndi makala kufikira mdima. Usiku atsegula buku la masamu, koma nyumba iri ndi zipinda ziwiri, wailesi ikulira, magetsi apita, ndipo maso ace alemera. Nanga mlongo wace wamwamuna, wa m'kalasi imodzi-modziyo? Iye anabwera, anadya, anapita ku mpira, nabwerako kudzawerenga. Palibe amene acita zimenezi mwa nkhanza. Amai akonda ana ao onse awiri. Koma mwambo wa nyumba zathu uika katundu pa mutu wa mtsikana, ndipo pa kutha kwa caka tidabwa kuti mnyamata wapambana ndipo mtsikana watsalira, ndi kunena kuti akazi mutu wao ngwofewa.

Ku sukulu yogonera belu ndilo ligawa tsiku. Pali nthawi ya kuuka, ya mapemphero, ya kusesa, ya kalasi, ya masewera, ndipo madzulo pali nthawi ya kuwerenga imene mwana ali yense akhala pa desiki lace, nyali iri kuyaka, ndipo palibe wina womtuma. Musaganize kuti kumeneko sagwira nchito. Acapa zobvala zao, asesa, akolopa, ndipo m'sukulu zina alima dimba ndi kusamala nkhuku. Koma nchitoyo iri ndi malire ace, ndipo igawidwa mofanana kwa onse. Maola awiri a kuwerenga tsiku liri lonse, kwa zaka zinai kapena zisanu, ndiwo asiyanitsa mwana amene adzalowa yunivesite ndi mwana amene adzabwerera kunyumba ndi pepala lopanda nchito. Ngakhale sukulu za Masisitere zimene ana agona kwao zisunga mwambo womwewo wa kuwerengera pamodzi asanaweruke, ndipo aphunzitsi ace sazengereza kuitana kholo pamene aona kuti mwana afika wotopa masiku onse.

Cinthu caciwiri ndi njira. Ndinena njira yeni-yeni, ya pakati pa nyumba ndi sukulu. Inu amuna a m'tauni muidziwa bwino, pakuti muona zimene zicitika pa siteshoni ya minibasi, pa khomo la bara ndi pa kantemba pa kutha kwa mwezi, pamene malipiro aturuka. Mtsikana wa njala, amene nsapato zace zang'ambika, apita pamenepo kawiri pa tsiku, ndipo pali amuna akulu-akulu, ena a msinkhu wa atate ace, amene amdikira ndi ndalama m'manja. Kafukufuku wamkulu wa za umoyo amene Boma linacita mu 2018 anapeza kuti mwa atsikana 100 a zaka 15 kufikira 19 m'dziko lino, 29 anali atabala kale kapena anali ndi pakati. Ciwerengero cimeneci ncoopsa. Mu December 2023 lamulo la ukwati linakonzedwa kuti munthu wosafika zaka 18 asakwatiwe kapena kukwatira, ngakhale mwa mwambo wa kumudzi. Lamulo ndi labwino, koma lamulo siliperekeza mwana pa njira. Mpanda wa sukulu, mlonda wa pa cipata ndi Sisitere amene awerenga ana asanagone acita cimene lamulo silingathe. Sindinena kuti m'kati mwa mpanda simungagwe tsoka. Chuthi ciripo, ndipo lamya za m'manja zilumpha mpanda uli wonse. Ndingonena kuti zaka zoopsa zija, kuyambira pamene mwana watha msinkhu kufikira atakhwima nzeru, azipyola ali pa malo pamene akulu onse omzinga afuna cinthu cimodzi, ndico cakuti atsirize.

Tilowe tsopano m'kalasi mwenimweni, cifukwa apa ndipo pali kusiyana kwa sukulu ya atsikana okha ndi sukulu ina yogonera. Ife tiphunzitsa ana athu akazi ulemu: kugwada, kuyang'ana pansi, kusayankha mokweza pamaso pa amuna. Ulemu ndi wokoma, ndipo palibe afuna kuutaya. Koma mwana amene waphunzira kukhala cete pamaso pa amuna aucita ulemu womwewo m'kalasi ya masamu. Mphunzitsi afunsa funso, anyamata akweza manja ndi kupfuula, ndipo iye, ngakhale yankho ali nalo, aopa kuti akalakwa adzamseka, ndipo akakhoza adzamnena kuti adzionetsa. Aphunzitsi ambiri adzakuuzani kuti mtsikana amene anali woyamba m'makalasi a pansi ayamba kubwerera m'mbuyo pamene thupi lace lasintha ndipo maso a anyamata ayamba kumtsata.

M'kalasi ya atsikana okha mulibe womdikira kuti ayambe ndiye kulankhula. Funso likafunsidwa, woyankha ndi mtsikana. Woposa onse pa masamu ndi mtsikana, ndipo wotsiriza ndi mtsikananso, cotero palibe anganene kuti phunziro ili ndi la amuna. M'cipinda coyeseramo za sayansi, wogwira botolo la mankhwala ndi woyatsa moto ndi iye mwini, pamene m'sukulu zosakaniza kawiri-kawiri mnyamata ndiye agwira zipangizo ndipo mtsikana apatsidwa pensulo kuti alembe zimene mnzace waona. Mtsogoleri wa ana onse a sukulu ndi mtsikana. Kapitao wa mpira, wapampando wa bungwe la mtsutso, woimba ng'oma m'kwaya, woimirira kulandira alendo a Boma, onsewo ndi atsikana. Mwana amene kwa zaka zinai wazolowera kuimirira ndi kunena maganizo ace pamaso pa anthu mazana asanu sadzanjenjemera tsiku limene adzaitanidwa kukafunsidwa mafunso a nchito.

Kwa inu a ku migodi nkhani iyi ya masamu ndi sayansi iri pafupi. Atate anu anaona masiku amene mkazi pa mgodi anali namwino, kalaliki kapena wophika tiyi. Lero akazi ayendetsa zimagalimoto zazikulu zonyamula miyala m'migodi ya ku North-Western, ena ayesa miyala, ena ndi mainjiniya. University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, iri ndi sukulu yace ya za migodi, ndipo Copperbelt University iri pakhomo panu pa Kitwe kuyambira 1987. Zipata zimenezo nzotsegukira amuna ndi akazi omwe. Afunsa zimene munapeza pa masamu ndi sayansi. Ndipo zimenezo zipezeka kapena zitayika pamene mwana ali ndi zaka 14 kapena 15. M'mera mpoyamba.

Pali kanthu kena kamene sitikamba pa gulu, koma amai akadziwa. Masiku a kumwezi abvuta mtsikana pa sukulu imene zimbudzi ndi zocepa, madzi kulibe, ndipo anyamata ali cheru kuseka kadontho kali konse pa diresi. Ambiri angokhala kunyumba masiku amenewo, mwezi ndi mwezi. Pakati pa akazi okha-okha nkhaniyi ikhala yopepuka, ndipo pali mai woyang'anira nyumba yogona amene mwana angamuuze popanda manyazi.

Nanga za Mpingo? Ena mwa inu ndinu a Reformed Church, ena a United Church of Zambia, ena a Sabata, ena a Pentekoste, ena Asilamu, ndipo mufunsa ngati mwana wanu sadzatembenuzidwa. Sukulu zimenezi zilandira ana a mipingo yonse, ndipo akazi ambiri amene anaphunzira kumeneko apempherabe m'machalichi a makolo ao. Koma musanyengedwe: sukuluyo ndi ya Cikatolika, tsiku liyamba ndi pemphero, Misa iripo, ndipo mwana wanu adzamva ciphunzitso ca Mpingo pa za ukwati ndi za moyo. Kholo liyenera kudziwa zimenezi lisanasaine. Cimene ine ndiona kuti cipindulitsa mwana wa mpingo uli wonse ndi ici: Masisitere akhulupira kuti mwana ali yense analengedwa m'cifanizo ca Mulungu ndipo ali ndi nchito imene anabadwira, cotero samleka kuti angotayika. Akhala pa sukulu pomwepo usana ndi usiku. Adziwa mwana amene waleka kudya, amene walandira kalata ya maliro, amene walephera kulipira. Ndalama ya sukulu aisunga mosamala, zenera likasweka likonzedwa, ndipo mphunzitsi wocedwa afunsidwa. Zimenezi si zozizwitsa, koma ndi zomwe zisowa m'malo ambiri.

Ndiponso taonani cimene mtsikana aona ndi maso ace. Aona mkazi ali mkulu wa sukulu, asunga mabuku a cuma, alamulira amisiri omanga nyumba, akambirana ndi akulu a Boma maso ndi maso. Masiku ano ambiri mwa Masisitere amenewa ndi ana a dziko lino, obadwira m'midzi ndi m'makomboni monga iye. Palibe buku lingamphunzitse cimene aphunzira pa kuona zimenezo tsiku ndi tsiku. Ku Kenya kunali mwana wa mlimi wa ku Nyeri, wobadwa mu 1940, amene anaphunzira kwa Masisitere pa mishoni ya Mathari, napitirira ku Loreto High School ya ku Limuru, sukulu ya Cikatolika ya atsikana okha. Dzina lace ndi Wangari Maathai. Mu 1971 anakhala mkazi woyamba wa kum'mawa ndi pakati pa Africa kulandira digiri ya udokotala wa maphunziro, mu 1977 anayambitsa gulu la akazi obzala mitengo lochedwa Green Belt Movement, ndipo mu 2004 analandira mphoto ya mtendere ya Nobel, mkazi woyamba wa mu Africa kuilandira. Sindinena kuti sukulu yokha ndiyo inampanga. Nzeru ndi kulimba mtima anabadwa nazo. Koma mbeu yabwino ifunanso munda wolimidwa.

Tsopano ndiyenera kunena mau amene otama sukuluzi sakonda kumva. Caka ndi caka, pamene zotsatira za mayeso otsiriza zilengezedwa, sukulu za mamishoni zikhala pamwamba kawiri-kawiri, ndipo anthu ati, "Mwaona, kupatula atsikana ndiko mankhwala." Koma tikumbuke kuti sukulu zimenezi zisankha ana amene anapambana koposa pa mayeso a pulaimale, ndipo ambiri acokera kwa makolo amene asamala maphunziro. Mukasankha nkhuku zonenepa pa msika, musadzitame kuti khola lanu ndilo lazinenepetsa. Akatswiri a maphunziro ayesa kulekanitsa zinthu ziwirizi, ndipo mayankho ao sali amodzi. Ku Seoul, m'dziko la South Korea, kuyambira 1974 ana anali kugawidwa ku masukulu a sekondale mwa maere, kotero kuti kholo silinali kusankha. Ofufuza amene anasindikiza zopeza zao mu 2013 anaona kuti ana amene maere anawagwetsera ku sukulu za atsikana okha kapena anyamata okha anakhoza bwino koposa pa mayeso olowera ku yunivesite. Koma mu 2014 ofufuza ena a ku America anasonkhanitsa kafukufuku 184 wa m'maiko 21, wokhudza ana oposa 1,600,000, ndipo anapeza kuti pamene muyerekeza ana ofanana nzeru ndi ofanana kocokera, kusiyana kwace kucepa kwambiri. Ku Trinidad, cilumba ca ku West Indies, kafukufuku wa mu 2012 anapeza kanthu kena koyenera kukasunga: ana ambiri sanapindule koposa, koma atsikana amene anafunitsitsa okha sukulu ya atsikana ndiwo anapindula. Anapezanso kuti kumeneko atsikana a m'sukulu zotere anali kutenga maphunziro a sayansi ocepa kuposa anzao.

Kodi tiphunzirapo ciani? Kwa ine ciphunzitso cace ndi cakuti kucotsa anyamata pakokha si mankhwala. Sukulu ya atsikana imene iribe mphunzitsi wa sayansi, imene iwakankhira onse ku zophika ndi zosoka, singaturutse injiniya ngakhale mpanda wace utatalika cotani. Cimene cithandiza ndi zonse pamodzi: nthawi ya kuwerenga, citetezo, aphunzitsi ofika pa nchito, ndi akulu amene ayembekezera zazikulu kwa mtsikana. Tizindikirenso kuti ambiri mwa maiko amene kafukufuku uja anacitikira ndi olemera, kumene mtsikana satunga madzi m'mawa ndipo sakwatiwa ali ndi zaka 15. Kuno kwathu katundu amene sukulu yotere imtula mwana ndi wolemera koposa, cotero ndikhulupira kuti phindu lace kuno liposa la kumeneko. Amenewo ndi maganizo anga, ndipo muwayese nokha.

Pali mlandu wina wowawa. Mu 1997 Boma linakhazikitsa lamulo lakuti mtsikana amene watenga pakati abwerere ku sukulu atabala. Kwa zaka zambiri sukulu zambiri za mamishoni, za Akatolika ndi za mipingo ina, sizinafune kulandiranso mwana wotere pa malo ace akale. Zinali kumpezera malo pa sukulu ina. Eni ace anati acita ici kuti asunge mwambo ndi kuti ena asatengere. Ndimva cifukwa cao, koma mtima wanga sugwirizana naco. Mwamuna amene anampatsa pakati apitiriza moyo wace, ndipo nthawi zina ndi munthu wamkulu amene ayenera kukhala m'ndende. Wolangidwa ndi mwana yekha, pa nthawi imene asowa koposa anthu omdziwa. Kholo lifunse poyera za nkhani imeneyi tsiku loyamba, lisadikire tsoka.

Za ndalama nazo tinene zoona. Kuyambira January 2022 Boma linacotsa malipiro a maphunziro m'sukulu zace kufikira kumapeto kwa sekondale, ndipo ana ambiri amene anali pakhomo anabwerera m'kalasi. Koma cakudya ndi cigono pa sukulu yogonera zilipidwabe, ndipo pali ulendo wa basi katatu pa caka, sopo, nsapato ndi mabuku. Kwa munthu wa nchito ya kontrakiti, amene sadziwa ngati caka ca mawa adzakhala akali pa mgodi, umenewu ndi mtolo weni-weni. Asacite manyazi kupita kwa Sisitere wamkulu kapena kwa wansembe wa parishi ndi kufotokoza za m'thumba mwace. Nthawi zina pali thandizo la ana osowa, ndipo ngakhale palibe, kulipira pang'ono-pang'ono kukambidwa. Ndipo ngati zalephereka ndithu, mwana sanatayike. Zambiri za zimene ndachula mungazicite m'nyumba mwanu: mgawireni mnyamata mbale ndi mtsuko, mpatseni mtsikana maola ace awiri ndi nyali, ndipo mudziwe njira imene ayenda.

Ena adandaula kuti mtsikana wokulira pakati pa akazi okha adzadodoma akadzakumana ndi amuna ku koleji, monga mbuzi yomasulidwa pa cingwe. Mau amenewa ali ndi coona cace pang'ono, ndipo ncifukwa cace sukulu zanzeru zitumiza ana ao ku mipikisano ya mtsutso, ya sayansi ndi ya nyimbo kumene apikisana ndi anyamata. Komanso mwana akhala kwanu miyezi itatu pa caka, pakati pa alongo ace ndi asuweni ace. Kumlangiza za amuna ndi nchito ya amai, ya azakhali ndi ya alangizi, ndipo Sisitere sanailande. Ena ati abwerako wonyada, wolankhula Cingelezi cokha-cokha, wonyansidwa ndi nsima ya mgaiwa. Zimenezi zicitika, ndaziona, koma kawiri-kawiri zitha pamene mwana wakula, makamaka ngati makolo sanamuope.

Ndibwerere kwa atate aja tinawasiya pa mpando. M'mtima mwao muli mau akale akuti, "Mtsikana adzakwatiwa, ndipo maphunziro ace adzadyetsa eni ace." Mau amenewa andidabwitsa ndikawamva pakamwa pa Mcewa, Mnsenga kapena Mbemba, anthu amene mtundu wao uyenda mwa amai. Kodi mbumba yanu si ana a mlongo wanu ndi a mwana wanu wamkazi? Kodi mudzi suima pa akazi? Ndipo ngakhale kwa Angoni, kumene ana atsata atate, tayang'anani m'zipatala pa nthawi ya kuona odwala, muone amene abwera ndi cakudya kwa nkhalamba. Inu a ku Copperbelt mukumbukira zaka za 1997 kufikira 2000, pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa ndipo amuna zikwi zambiri anacotsedwa nchito. Mukumbukiranso 2008, pamene mtengo wa mkuwa unagwa. M'nyumba zambiri moto sunazime masiku amenewo cifukwa panali mwana wamkazi, mphunzitsi kapena namwino, amene malipiro ace sanadalire mtengo wa mkuwa ku London. Mkazi wophunzira adziwanso kuwerenga pepala la ku cipatala, apita ndi mwana ku sikelo, ndipo mwamuna wace akamwalira sangolola acibale kuseseratu katundu wa m'nyumba, pakuti adziwa kuti lamulo la za cuma ca masiye la mu 1989 lipatsa gawo mkazi ndi ana.

Cotero, ngati dzina la mwana wanu laturuka, musagamule nkhani muli pa mpando. Safunsa anadya phula. Pemphani tsiku limodzi ku nchito, mukwere basi pamodzi ndi amai ndi mwanayo, mukaione sukuluyo ndi maso anu. Musakhutire ndi maluwa a pa khomo la ofesi. Pemphani kuona kumene ana agona, ndipo muwerenge mabedi. Tsegulani mpope muone ngati madzi aturuka. Loweni m'khichini pa nthawi ya cakudya ca masana. Funsani kuti ndi atsikana angati analemba sayansi caka catha, ndipo angati anapambana. Funsani ngati mphunzitsi wa masamu akhala pa sukulu pomwepo. Funsani cimene acita mwana akadwala usiku, ndi tsiku limene makolo aloledwa kudzaceza. Pobwerera m'basi, mlekeni mwanayo alankhule poyamba, ndipo inu mumvere kufikira atatha, pakuti amene adzagona m'nyumba imene ija zaka zinai ndi iye.